Mmene mungazindikirire Actiniopteris dimorpha, kachomera ka m'ming'alu ya miyala ku Kasungu

Mvula ikagwa masabata awiri kapena atatu, funso lomwelomwelo limayambanso kubwera kuchokera kwa aphunzitsi a sayansi, ana a m'makalabu a zachilengedwe ndi anthu okonda kukwera phiri la Kasungu: kachomera kakang'ono kotambasuka ngati tsamba la mlaza, kamene kamatuluka m'ming'alu ya miyala, n'kachiyani? Ena amati ndi mbande ya mgwalangwa yopinimbira, ena amangoti ndi udzu. Si mgwalangwa, si udzu. Ndi fern, chomera chosachita maluwa, chosabala zipatso ngakhale njere, chimene chimafalikira ndi fumbi losalala kwambiri lotchedwa ma spore. Dzina lake la sayansi lili pawiri: dzina loyamba ndi Actiniopteris, ndipo kali m'banja la Pteridaceae.

Dzina loyambalo silivuta, mwana wa sitandade 7 akhoza kulipeza. Povuta ndi pa dzina lachiwiri. Actiniopteris dimorpha ali ndi mbale wake, Actiniopteris radiata, amene zithunzi zake zachuluka pa intaneti chifukwa amamera kuchokera kuno ku Africa mpaka ku Arabia ndi ku India. Munthu akajambula tsamba limodzi n'kukafananiza ndi zithunzizo, amathamangira kulemba kuti radiata, chikhalirecho wagwira dimorpha. Tsamba limodzi silikwanira kutchulira dzina. Tsatirani ndondomeko ili m'munsiyi osalumpha, makamaka gawo 7.

1. Zoti munyamule

Tengani rula ya masentimita, pepala loyera, pensulo, envulopu ziwiri kapena zitatu, botolo la madzi la theka la lita, kansalu ndi jumbo yoonekera mkati. Chofunika kuposa zonsezi ndi galasi lokulitsa zinthu. Lokulitsa ka 10 ndiye labwino, koma la mu labotale ya pasukulu limathandizanso. Galasilo mulibweretse pafupi ndi diso, kenako muziyandikizitsa tsamba mpaka lioneke bwino. Ambiri amaligwirira kutali ndi nkhope n'kumadandaula kuti sakuona kanthu. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka pepala likanyowa. Khasu ndi mpeni zitsale kunyumba.

2. Pitani nthawi yake, pamalo pake

Nthawi yabwino ndi kuyambira mu Januwale mpaka mu Epulo. Mu Disembala kachomeraka kamakhala katangotsitsimuka kumene ndipo masamba atsopano amakhala asanakhwime. Mvula ikamalekeza, masamba onse amakhala atakula, ndipo obereka amakhala atayamba kufiirira kunsi.

Cholakwa choyamba ndi kukafunafuna ku dambo kapena m'mbali mwa mtsinje, poganiza kuti fern aliyense amakonda chinyezi ndi mthunzi. Aka ayi. Kamamera pamalo pamene madzi amafika msanga n'kuchokanso msanga: m'ming'alu ya thanthwe, m'tsinde mwa mwala waukulu pamene madzi a mvula amadonthera, ndi pa kadothi kakuda kosazama kamene kamaunjikana m'mphepete mwa mwala woyalana. Malo otere ku Kasungu ndi ambiri, m'timapiri tamiyala timene tazunguliridwa ndi mitengo ya mombo ndi masuku. Mukaona mwala umene wayalidwa ndi Selaginella, kachomera kokwawa kotuwa kamene ambiri amakayesa ndere, chepetsani liwiro. Ziwirizi zimakonda kukhalira limodzi.

Muyende mowerama. Kachitsa konse kawirikawiri sikapitirira masentimita 25 kapena 30, ndipo tambiri timalekezera pa 10 kapena 15. Woyenda ali chilili amakadutsa. Musapise dzanja mu mng'alu musanayang'anemo, chifukwa ming'alu yomweyo ndi nyumba ya zinkhanira ndi njoka. Thanthwe lonyowa limaterera kwambiri, choncho dikirani liume mvula ikangokata.

Za chilolezo musazitenge mopepuka. Ngati phiri lili m'mudzi, yambani mwakaonekera kwa amfumu n'kufotokoza chimene mwabwerera. Nkhalango zina zowirira bwino ndi manda kapena dambwe, ndipo mlendo salowamo mwachisawawa ngakhale ataona miyala yokongola bwanji. M'nkhalango yotetezedwa ndi boma pemphani kwa a zankhalango. Mu Kasungu National Park, kuphatikizapo miyala yokhala ngati Black Rock kufupi ndi Lifupa, simuyenda pansi opanda wolondera nyama, ndipo simuthyola kanthu. Kumbukirani kuti mu 2022 anasamutsiramo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Munthu amene wagwada n'kumayang'ana mu galasi samva chimene chikubwera kumbuyo kwake.

3. Tsimikizani kaye kuti ndi fern

Yang'anani pakati pa kachitsa, pansi penipeni. Tsamba la fern likamatuluka limabwera litapindika nsonga, n'kumafunyululuka pang'onopang'ono. Kenako funafunani duwa, mphukira ya duwa, kapena kachipatso. Mukapeza chimodzi mwa izi, chomera chanucho si fern, ndipo mukhoza kulekera pomwepo.

Pali zomera zinayi zimene zimasokoneza anthu kuno.

Choyamba ndi Biophytum, chimene ndiye chimanamiza anthu ambiri. Chili ndi katsinde kamodzi kowonda, masamba onse n'kutambasukira pamwamba pake mozungulira. Kusiyana kwake n'koti tsamba lililonse lili ndi timasamba tating'ono tondandana tiwiritiwiri, pakati pamatuluka timaluwa, ndipo mukachikhudza timasambato timatsekeka. Actiniopteris ngakhale mumukhudze chotani sagwedezeka.

Chachiwiri ndi dawe pamodzi ndi abale ake. Kumutu kwake kumakhala masamba otambasuka mozungulira, koma phesi lake lili ndi ngodya zitatu, mukhoza kuzimva poligubuduza pakati pa zala, ndipo pakati pa masambawo pamakhala ngala.

Chachitatu ndi mbande yeniyeni ya mgwalangwa. Masamba ake oyamba sagawikana n'komwe. Amakhala aatali, olimba, amizeremizere, ndipo muzu wake umazama kwambiri. Tsamba logawikana bwinobwino koma lochepa kuposa chikhatho cha mwana silingakhale la mgwalangwa.

Chachinayi ndi Myrothamnus flabellifolius, kachitsamba kamene kamamera pa miyala yomweyo ndipo nakonso kamauma n'kudzatsitsimuka mvula ikagwa. Aka kali ndi nthambi zamtengo zolimba, timasamba take n'tating'ono totuluka tiwiritiwiri, ndipo mukatifikisa timanunkhira. Actiniopteris alibe nthambi. Tsamba lililonse limachokera pansi ndi phesi lakelake.

4. Tsatirani mphanda za tsamba

Gwirani tsamba limodzi, muliyalike pa pepala loyera osalithyola. Yambirani pamene phesi lathera. Mudzaona kuti tsambalo lachita mphanda, kugawikana pawiri. Mbali iliyonse yachitanso mphanda, ndipo zotulukapozo zachitanso mphanda, mpaka kuthera m'tizigawo towonda, toongoka, totambasuka kuchokera malo amodzi. Palibe msempha waukulu wodutsa pakati mpaka kunsonga, wokhala ndi timasamba uku ndi uku, monga zimakhalira ndi ma fern ambiri. Chizindikiro chimenechi chokha chimachotsa ma fern ena onse amene mungakumane nawo pa thanthwe la ku Kasungu.

Tsamba lake ndi lolimba, lokhuthala pang'ono, lobiriwira motuwa, ndipo silifewa m'manja. Mukaliunika ku dzuwa, timitsempha take timayenda m'litali mwa kachigawo kalikonse osalumikizana ngati ukonde. Powerenga tizigawo, werengani nsonga zake, osati mphanda, ndipo muyambire mbali imodzi kulowera mbali ina muli chigwirire ndi chala pamene mwafika. Lembani chiwerengerocho, mudzachifuna pa gawo 7.

5. Tembenuzani tsamba

Apa m'pamene mumadziwira ngati tsamba lili lobereka kapena losabereka, ndipo popanda kudziwa zimenezi gawo 7 silitheka.

Tsamba losabereka kunsi kwake n'kosalala, kobiriwira, ndipo m'mphepete mwake n'mongoyalika. Tsamba lobereka m'mphepete mwa kachigawo kalikonse mwapindikira kunsi, mbali zonse ziwiri, n'kupanga kakhungu kopyapyala kotuwa koyenda m'litali. Pansi pa kakhunguko m'pamene pali timatumba ta ma spore, tondandana mzere umodzi wosadukiza mbali iliyonse. Tsamba likadali lanthete, tikhungu tiwirito timayandikana pakati mwakuti kunsi konse kumaoneka kotsekeka. Likakhwima timatseguka, ndipo mzere wofiirira umaonekera. Tengani kaudzu kouma, mutukule kakhunguko pang'ono, muyang'ane ndi galasi. Mudzaona timibulu tating'onoting'ono tothinana.

Zolakwa apa ndi ziwiri. Ena akaona kufiirirako amati chomera chagwidwa ndi chiwawu kapena nsabwe, n'kusiya tsambalo kukafuna lina looneka lathanzi. Potero amataya tsamba lofunika kwambiri. Matenda samera mwa dongosolo, pamene ma spore amatsata mzere woongoka, wofanana mbali zonse, pa kachigawo kalikonse. Ena amafunafuna timadontho tozungulira chifukwa ndi timene anaona pa chithunzi cha fern m'buku la kusukulu. Actiniopteris alibe timadontho, ali ndi mizere.

Samalaninso ndi tsamba losabereka limene layamba kufota. Nalonso limapinda m'mphepete pofuna kusunga madzi, ndipo limaoneka ngati lobereka. Litukuleni muone. Ngati pansi pake palibe timibulu ndiponso palibe kakhungu kosiyana mtundu ndi tsamba lonse, ndi losabereka.

6. Onani phesi ndi tsinde

Phesi ndi lowonda, lalitali kuposa tsamba lenilenilo, lobiriwira motuwa, ndipo likauma limatenga mtundu wa udzu wouma. Kumunsi kokha ndiye kofiirira. Mukapeza fern wa phesi lakuda bii, lonyezimira, lothyoka msanga, ndi wina. Pa miyala yomweyo pamamera Pellaea calomelanos, wa phesi lakuda ndi timasamba tolimba totuwa ta ngodya zitatu, komanso mitundu ya Cheilanthes, ina mwa iyo yaubweya kunsi.

Tsinde lenileni ndi lalifupi, lobisika m'dothi kapena mu mng'alu, ndipo masamba amatulukapo mothinana. Uzirani kapena sesani ndi chala kadothi ka pamwamba, osakumba. Mudzaona timamba towonda tosongoka, tambiri mwa ito tokhala ndi mzere wakuda pakati ndi m'mphepete motuwa. Mukatha bwezerani dothilo. Mapesi akale ouma amatsalira pa kachitsa, musawazule, chifukwa amateteza tsinde ku dzuwa.

7. Kusiyanitsa dimorpha ndi radiata

Musadabwe kuti pano pamavuta. Dimorpha anamulekanitsa ndi abale ake n'kumupatsa dzina lakelake mu 1962, ntchito ya katswiri wa ma fern wa ku Italy, Rodolfo Pichi Sermolli. Kusiyanako kulipo ndithu, koma kumaoneka pokhapokha mukayang'ana kachitsa konse.

Choyamba, sankhani kachitsa koyenera. Kakhale kachikulire, kokhala ndi masamba ambiri, ndipo pakhale masamba obereka amene mwawatsimikiza pa gawo 5. Kachitsa kamene kali ndi masamba osabereka okhaokha sikangakuuzeni dzina lachiwiri. Lembani Actiniopteris basi, muike chizindikiro pamalopo, mudzabwerenso pakatha mwezi. Kulemba dzina loyamba lokha si kulephera. Dzina lolakwika likalowa m'kaundula wa sukulu kapena pa intaneti, anthu ena amalikopera kwa zaka zambiri.

Chachiwiri, yezani. Sankhani masamba obereka asanu ndi osabereka asanu pa kachitsa kamodzi, onse okhwima. Yezani lililonse kuchokera pansi mpaka kunsonga, mulembe m'mizere iwiri. Kwa dimorpha mizere iwiriyo imasiyana moonekeratu. Masamba obereka amatalika kwambiri, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri osabereka, moti mukagona pansi n'kukayang'ana cham'mbali, kachomerako kamaoneka ka nsanjika ziwiri: masamba aafupi otambalala m'munsi, aatali owonda pamwamba. Kwa radiata masamba onse amafanana maonekedwe. Obereka akhoza kutalikirapo pang'ono, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera. Kutalikirapo pang'ono sikukwanira. N'chifukwa chake tikuti muyeze masamba khumi ndi rula, osangoyerekeza ndi maso pa masamba awiri.

Chachitatu, fananizani kapangidwe. Ikani tsamba lobereka pambali pa losabereka. Kwa dimorpha mukhoza kuganiza kuti achokera ku zomera ziwiri zosiyana. Losabereka ndi lalifupi, lotambasuka, tizigawo take n'totambalala pang'ono, ndipo kunsonga kwa kachigawo kalikonse kuli timano tingapo tosongoka. Lobereka lili ndi tizigawo tatitali, towonda, toimirira mothinana osatambasuka kwambiri, ndipo kalikonse kamathera pa nsonga imodzi. Timano ta pa tsamba losabereka musatidalire, chifukwa radiata nayenso ali nato. Nsonga zofunika kuziyang'ana ndi za tsamba lobereka.

Chachinayi, bwererani ku chiwerengero chanu. Tsamba la radiata lokula bwino limagawikana kwambiri, tizigawo n'kufika makumi angapo, ndipo limatambasuka mpaka kupanga theka la bwalo. Tsamba lobereka la dimorpha limakhala ndi tizigawo tochepa, kawirikawiri tosapitirira 16. Werengani pa masamba aakulu kwambiri a kachitsako. Masamba oyamba a chomera chilichonse chaching'ono amakhala ndi tizigawo tochepa, kaya ndi mtundu uti.

Chachisanu, ndipo ichi n'chimene ambiri sachidziwa, onani mmene masamba amaumira. Zomerazi sizifa m'chilimwe. Zimataya madzi pafupifupi onse, masamba n'kukhwinyata, kutuwa mbee, n'kudikira mvula. Kaumidwe kake ndi chizindikiro pakokha. Tsamba la radiata likauma limatsekeka n'kuzyolika pamene lalumikizana ndi phesi, nsonga zonse kuloza pansi. Tsamba lobereka la dimorpha limatsekeka koma silizyolika chotero, limangopendekeka pang'ono kapena kutsala chiimire. Ngakhale m'dzinja mukhoza kuona zimenezi, pa masamba a chaka chatha amene atsalira, kapena ng'amba ikachitika kwa masabata awiri.

Tsono mukapeza kachomeraka mu Seputembala kapena Okutobala kali kouma, musathamangire kuthira madzi. Yambani mwajambula ndi kulemba mmene masamba aimira. Mukathira madzi chizindikirocho chimafufutika, ndipo simuchionanso mpaka kadzaumenso. Mukatha kulemba, ngati malowo ndi ololedwa kuthyola, thyolani tsamba limodzi lalitali ndi limodzi lalifupi, muwakulunge m'kansalu konyowa, muike mu jumbo, mumange, musiye pamthunzi usiku wonse. M'mawa adzakhala atafewa ndi kutambasuka mokwanira kuti muwerenge tizigawo ndi kuona kunsi. Tsamba louma musalitambasule ndi zala, limathetheka. Ngati simukufuna kuthyola, thirani theka la lita pang'onopang'ono pa kachitsa ndi mu mng'alu, mudzabwere mawa lake. Koma zimenezi chitani pa kachitsa kamodzi kokha, kamodzi kokha. Kudzutsa chomera pakati pa chilimwe kenako n'kuchisiya chiumenso kumachidyera mphamvu imene chinasungira dzinja. Masamba ena sadzatsitsimuka ngakhale muwanyowetse, amenewo anafa kale, ndipo pamene padutsa moto wa m'tchire mungopeza zitsa zakuda. Pa lupsa palibe choti muyeze, dikirani mvula.

Malo nawonso amapereka chithunzithunzi, ngakhale sagamula mlandu. Radiata amakonda madera otentha ndi ouma kwambiri, pamene dimorpha amapezeka kwambiri pa miyala ya m'nkhalango za mombo, monga za kuno. Choncho ku Kasungu yembekezerani dimorpha, koma mulole rula ndi galasi zitsimikize. Zizindikiro zitatu kapena zinayi zikaloza kumodzi, lembani dzina. Zikatsutsana, mwachitsanzo masamba ali ndi tizigawo tochepa kwambiri koma obereka ndi osabereka sakusiyana kwenikweni, musakakamize. M'chigawo chino cha Africa mulinso Actiniopteris pauciloba, wa tizigawo tochepa, ndipo kachomera kotero n'koyenera kukaonedwa ndi akatswiri.

8. Gwetsani ma spore pa pepala

Gawo ili ndi la aphunzitsi makamaka, chifukwa ana amakhulupirira akaona ndi maso. Tengani tsamba limodzi lobereka limene kunsi kwake kwafiirira koma tikhungu tisanatsegukiretu. Ligonekeni chafufumimba pa pepala loyera, muvindikire ndi mbale kapena muike mu envulopu, musiye pamalo pouma popanda mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mukalichotsa mudzapeza fumbi lofiirira litatsata mizere ya tsambalo. Pakapanda kugwa kanthu, ndiye kuti tsambalo linali lanthete kapena linakhuthula kale.

Fumbi limeneli si njere. Spore ikagwera pa chinyezi imamera kanthu kobiriwira kopyapyala, kochepa kuposa chikhadabo, ndipo kwa ma fern ambiri, kuti kanthuko kabale fern watsopano pamafunika madzi oyalana pamwamba pake. Ichi ndi chifukwa chake tizomera tatsopano mumatipeza mkati mwa mng'alu, mmene chinyezi chimakhalitsa, osati pamtetete.

9. Jambulani, lembani, umitsani

Chithunzi chimodzi chojambulira pamwamba sichithandiza aliyense. Pamafunika zisanu: malo onse kuti mwala ndi mitengo yozungulira zioneke, kachitsa konse cham'mbali rula itaimikidwa pambali pake, tsamba lobereka ndi losabereka atagonekedwa pamodzi pa pepala loyera, kunsi kwa tsamba lobereka chapafupi, ndi tsamba louma mmene laimira. Foni ikakana kuona pafupi, gunditsani galasi lanu lokulitsa pa kamera, mutchinge dzuwa ndi thupi lanu kuti tsamba lisanyezimire. Zithunzi zisanuzi mukaziika pa iNaturalist, malo a pa intaneti oikapo zithunzi za zomera ndi nyama, odziwa ma fern amakhala ndi poyambira.

M'kope lembani tsiku, dzina la phiri kapena mudzi, mfumu yaikulu ya deralo, mtundu wa malo, kaya ndi mng'alu kaya dothi la m'mphepete mwa thanthwe, ngati pali dzuwa kapena mthunzi, zomera zoyandikana nazo, miyezo khumi ija ndi chiwerengero cha tizigawo. Foni ikakhala ndi GPS, koperani manambala ake.

Ngati mwaloledwa kutenga chitsanzo, masamba awiri obereka ndi awiri osabereka akwanira, othyoledwa m'munsi penipeni kuti phesi lonse libwere. Ayalikeni pakati pa nyuzipepala, limodzi mwa obereka likhale chagada kuti kunsi kuoneke, mutsendereze ndi thabwa ndi njerwa ziwiri. Sinthani nyuzipepala tsiku lililonse kwa masiku atatu oyamba, kenako modumphitsa tsiku mpaka sabata ithe. M'dzinja mukachedwa kusintha, nkhungu imagwira. Musamate ndi selotepi pamwamba pa tsamba, imabisa tikhungu ndipo ikakalamba imawononga chitsanzo. Dziwaninso kuti tsamba lotsenderezedwa silionetsa kuzyolika kuja, choncho zimenezo zilembedwe pa kapepala kotsagana nalo. Zitsanzo zovuta zimapita ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, kumene amasunga zomera zouma zoti n'kufananiza nazo.

Kuzula kachitsa kuti mukadzale pakhomo musayese. Mizu yake ndi yowonda kwambiri, yolowerera mkati mwa mng'alu, ndipo imaduka yonse pozula. Kakapulumuka pamenepo, dothi la m'munda kapena la mu chitini limasunga madzi nthawi yaitali, tsinde n'kuola. Kadothi ka pa thanthwe kamene mwakasendako kamatenga zaka zambiri kuti kaunjikanenso, ndipo matanthwe ena akutha kale ndi oswa miyala ya zomangamanga. Ofuna kukhala nako pasukulu afese fumbi la pa gawo 8. Sakanizani mchenga wa mumtsinje ndi dothi lakuda la masamba oola muyezo wofanana, muike m'kachidebe koboola pansi, muthire madzi owira kuti nkhungu ndi njere za udzu zife, mudikire zizizire. Wazani fumbilo pamwamba osakwirira, muvindikire ndi pulasitiki yoonekera mkati, muike powala koma posafika dzuwa. Madzi muzithira m'mbale ya pansi, osati pamwamba. Kubiriwira koyamba kumatenga masabata angapo, ndipo timasamba ta mphanda timabwera patapita miyezi. Timasamba tikafika masentimita 2 kapena 3, yambani kutsegula pulasitikiyo pang'onopang'ono, ola limodzi patsiku sabata yoyamba, n'kumaonjezera mpaka tizolowere mpweya wouma.